M'chipinda cha Matilesi pa Tsiku la Ufulu

Pa sukulu ya mkaka ya apongozi ake, aliyense ankamuitana kuti Anti. Ana ankati Anti, makolo Anti, ngakhale mwana wake wobereka yekha, Kachiwala, akangoponda pakhonde la kalasi ankayenera kuiwala mawu oti amama. Limenelo linali lamulo la apongozi. "Pano palibe mwana wa uje," ankatero. "Onse ndi ana a sukulu."

Sukuluyo inali mumpanda umodzi ndi nyumba. Kutsogolo kunali makalasi ndi bwalo la akatungwe, pakati nyumba yaikulu ya apongozi, ndipo kuseri kwake kanyumba ka zipinda ziwiri komwe Anti ankakhala ndi Kachiwala. Mwamuna wake anapita kunja kukagwira ntchito mwanayo asanayambe kuyenda. Akaimba foni ankayamba ndi amayi ake, mkazi wake n'kupatsiridwa mayunitsi atatsala pang'ono kutha. Makolo a Anti anamwalira kalekale, ndipo mlongo wake yekhayo ankapanikizana ndi banja lake m'chipinda chimodzi cha lendi. Choncho ntchito, denga ndi chakudya, zonse zinkachokera m'dzanja limodzi. Nthawi zina sabata inkatha Anti asanatulukeko pageti.

Chaka chimenecho apongozi anaganiza zoti tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lisangalalidwe pasukulu pomwepo, mwamkokomo, kuti sukulu zina za m'deralo zimve. Anabwereka tenti, mipando ya pulasitiki ndi chimkuzamawu chachikulu ngati firiji. Anaitana bwana wina wamkulu wa mumzindamo kuti adzakhale mlendo wolemekezeka. Ntchito yosoka zovala za ana inagwera Anti, ndipo anaigwira mpaka zala zinachita matuza.

Mwana aliyense anali ndi udindo wake. Kamnyamata kosakhazikika kanali Msilikali, ndi chisoti cha katoni. Kamtsikana kolongolola kuposa onse kanali Jaji, ndi wigi ya thonje. Panali Nesi, Mlimi ndi kakhasu kake ka pepala, Woyendetsa Ndege, ndipo mapasa anali apolisi apamsewu. Kachiwala, poti anali mdzukulu wa mwini sukulu, anali Mbendera. Anamukulunga nsalu za mitundu ya mbendera kuyambira m'khosi mpaka m'mapazi, n'kuzimanga ndi mapini kumsana, moti poyenda ankangokhwekhwereza timapazi.

M'mawa wa tsikulo apongozi anatulukira atavala suti yonyezimira ndi chipewa chachikulu, makiyi a sukulu akulendewera pachingwe m'khosi. Anatolera mafoni a aphunzitsi kuti pasalire kanthu bwana akuyankhula. Analamulanso kuti zikwama zonse za ana zikaikidwe mu ofesi, zisaoneke pazithunzi. M'chikwama cha Kachiwala munali kampope ka mankhwala a mphumu, komwe ankapumira chifuwa chikamubana.

"Amayi, kampope kaja ndikatenge ndikhale nako m'thumba," anatero Anti.

"Diresi lanulo lili ndi thumba? Siyani. Ofesi ndi iyi apa, si kutali."

Ana anawalowetsa m'chipinda chomwe ankagonamo masana, chakumapeto kwa khonde, kuti adzatulukire m'menemo pamzere bwana akakhala pansi. Chinali chipinda chaching'ono, cha malata opanda siling'i, matilesi ataunjikidwa pakona mpaka kufika m'mapewa. Zenera linali limodzi, laling'ono, m'mwamba, la zitsulo, loyang'ana kumpanda wakuseri. Anti yekha ndiye anali ndi ana. Mphunzitsi mnzake anapatsidwa ntchito yoyang'anira chimkuzamawu ndi kukhazika makolo.

Koma mwana akamva mawu a mayi ake panja, ungamugwire? Msilikali anazemba n'kuthamangira mutenti kukaonetsa chisoti. Mlimi anamutsatira, n'kugwa chafufumimba pafumbi. Apongozi anawabweza onse awiri atawagwira m'mikono, nkhope ili gwa.

"Anti, makolo akaoneratu zovala panopa, ndiye adzadabwa ndi chiyani? Ana ochepawa akukukanikani?"

"Atopa, amayi. Muno mukutentha. Ndiye fumbi la matilesili, Kachiwala..."

"Ndi kanthawi kochepa chabe. Bwana anyamuka kale."

Anatuluka n'kukankha chitseko. Kenako Anti anamva chitsulo chikukhulana ndi chinzake, khwee, kho. Apongozi anali atakoka mpiringidzo wakunja, womwe ankatsekera chipindacho pa holide. Anti anatsegula pakamwa kuti aitane, koma nthawi yomweyo chimkuzamawu chinayamba kuimba nyimbo za bandi, malata mpaka kunjenjemera. Anadziuza kuti ndi kanthawi kochepa chabe, monga ananenera.

Poyamba zinkayenda. Anawakhazika pansi mozungulira, anabwereza ndakatulo yawo, anayeserera kugwedeza timbendera tawo ta pepala onse mbali imodzi. Jaji anakweza dzanja.

"Anti, kodi ufuluwo ubwera nthawi yanji?"

"Ufulu unabwera kale, iwe usanabadwe. Amene tikudikira ndi bwana."

"Ndiye bwanayo ndi amene anaubweretsa?"

"Iwe sudziwa kanthu," anatero Msilikali. "Ufulu ndi tsiku lomwe timamwa zam'botolo aliyense lake."

"Khala chete, ndikumanga," anatero Jaji, akukonza wigi.

Anti anaseka nawo, koma khutu lake linali pachitseko. Sankadziwa kuti msewu waukulu unali utatsekedwa chifukwa cha perete wa asilikali, ndipo galimoto ya bwana inali itaima pakati pa zinzake kutali ndithu. Apongozi anali panja pa geti ndi maluwa m'manja, akusuzumira kumsewu. Za mpiringidzo zinali zitawachoka m'mutu.

Dzuwa linakwera n'kukhala pamalata. Utoto womwe anapaka ana m'masaya unayamba kusungunuka, n'kumatsikira m'makolala. Chisoti cha Msilikali chinafewa ndi thukuta n'kugwera m'maso. Nesi anapempha madzi, ndipo atangotero onse anakumbukira kuti ali ndi ludzu. Madzi munalibe. Mmodzi wa mapasa anayamba kuvinavina atagwira kutsogolo kwa kabudula.

"Anti, ndikufuna kukakodza."

"Pirira pang'ono, wapolisi salira."

Sanapirire. Kanyanja kanayenda pasimenti mpaka pa nsapato za Woyendetsa Ndege, yemwe anakuwa ngati wapondedwa. Mapasa onse awiri anayamba kulira, wonyowa ndi wouma yemwe. Anti anapeza chidebe chakale cha utoto, anachiika pakona n'kuimika matilesi amodzi kuti atchinge. Ana anayamba kupita mmodzimmodzi. Posuntha matilesiwo fumbi linabuka, n'kumaoneka likuyandama m'kuwala kwa pazenera. Fungo la mkodzo, utoto ndi thukuta linadzaza chipinda.

Anti anagogoda chitseko, poyamba ndi chala, mwaulemu, ngati munthu woodira pakhomo la eni. Kenako ndi chikhatho. Kenako ndi chidendene cha nsapato.

"Odi kunjako! Tatsegulani!"

Ng'oma za bandi zinameza mawu ake. Anakwera pa kampando n'kukuwa pazenera, koma kumeneko kunali khoma la njerwa ndi mawaya oyanikapo zovala basi. Anauza ana kuti akuwe onse pamodzi. Anakuwadi, ena mosangalala ngati masewera, koma aliyense womva mutentimo akanangoti ana akuyeserera. Atasiya, m'chipindamo munakhala bata loipa. Ana anayamba kumuyang'ana Anti mwa mtundu wina, poona kuti wamkulu nayenso chitseko chamukanika.

"Anti, tatsekeredwa?" anafunsa Jaji, mawu ali pansi.

"Agogo atitsegulira posachedwapa."

"Atiiwala," anatero Msilikali.

M'batamo ndi momwe Anti anamva kaphokoso komwe ankakadziwa kuposa nyimbo iliyonse, kakang'ono, ngati kamluzu kong'aluka. Anatembenuka. Kachiwala anali atakhala pansi motsamira khoma, mapewa akukwera ndi kutsika, pakamwa pali yasa. Sanadandaule, chifukwa agogo ake anamuuza kuti Mbendera siyankhula.

Anti anagwada n'kuyamba kumasula mapini. Zala zinkaterera ndi thukuta, pini ina inamubaya pansi pa chikhadabo. Atalephera anagwira nsaluyo ndi manja awiri n'kuing'amba kuyambira kukhosi mpaka pansi. Kachifuwa ka mwanayo kankalowa mkati pansi pa nthiti akamakoka mpweya. Anamunyamula, anakwera naye pa kampando, n'kumuyandikizitsa nkhope kuzitsulo za zenera. Mpweya wa panja unali wotentha ngati wa mkati womwewo.

"Puma pang'onopang'ono, mwanangu. Ngati ukuuzira tiyi. Eya, choncho."

"Amama," anatero Kachiwala. Anafuna kuwonjezera mawu ena koma mpweya sunakwane. Milomo yake inali itayamba kutuwa.

Anti anatsika. Anamukhazika mwanayo pakona, chowongoka, n'kuitana Nesi.

"Iwe ndiwe nesi eti? Mgwire dzanja, usamusiye."

Anaponya phewa pachitseko. Chitseko chinangogwedera, ululu n'kumuyenda mpaka m'khosi. Anaponyanso. Ana anayamba kulira onse, ena kumukakamira m'miyendo, ena kuthamangira uku ndi uku. Anaona benchi yathabwa yomwe ana ankakhalapo povula nsapato. Koma akanaikweza bwanji timitu tili ponseponse? Anaomba m'manja kamodzi, mwamphamvu, n'kutulutsa mawu omwe ankagwiritsa ntchito pa asembule.

"Onse kukhoma! Manja m'mbali! Maso kutsogolo! Nyimbo ya fuko, wani, thuu!"

Chomwe anawaphunzitsa mwezi wonse chinagwira ntchito. Ana anathamangira kukhoma, anaima njo, ndipo ndi mamina ndi misozi anayamba kuimba. Mawu ena ankawapotoza monga mwa masiku onse, koma palibe anasuntha, chifukwa ankadziwa kuti pa nyimbo ya fuko ngakhale ntchentche ikutere pamphuno sugwedezeka.

Anti ananyamula benchi, anabwerera m'mbuyo mpaka pa matilesi, n'kuthamanga nayo. Inagunda pafupi ndi mpiringidzo. Thabwa la chitseko linalira. Anabwereranso. Manja anachita dzanzi, chala chimodzi chinatuluka magazi, koma sanamve. Anagundabe, ana akuimbabe, mpaka misomali ya mpiringidzo inazuka m'felemu ndipo chitseko chinakankhikira kunja, iye n'kugwera pakhonde pamodzi ndi benchiyo.

Anadzuka, ananyamula Kachiwala, n'kuthamangira ku ofesi. Anagwira chogwirira. Chokhoma.

Apa ndi pomwe anafuna kukhala pansi n'kulira. M'malo mwake anatembenuka n'kudutsa pakati pa tenti, wopanda nsapato imodzi, diresi litang'ambika m'khwapa, mwana ali m'manja ndi kabudula wamkati yekha. Makolo omwe ankadzikupiza ndi mapepala a pulogalamu anayamba kudzuka. Pageti, a mlonda, bambo wachikulire wa imvi, anali akutsegula kuti galimoto yakuda ilowe. Bwana anali atafika. Apongozi anali ataima pambali pa galimotoyo, maluwa patsogolo, mano onse pamtunda.

"Amayi, kiyi wa ofesi."

Apongozi anatembenuka, kumwetulira kukadali pankhope.

"Anti! Mukutani pamaso pa alendo? Bwererani m..."

Mawu anawathera atamuona mdzukulu wawo. Anti sanadikire. Ndi dzanja limodzi anagwira chingwe cha makiyi n'kuchivula kudzera kumutu kwawo. Chipewa chachikulu chija chinagwa n'kugudubuzika mpaka pansi pa galimoto ya bwana. Kumbuyo kwa Anti ana anali atatuluka onse, akuthamangira mutenti, nkhope zili mbuu ndi utoto, aliyense akuitana mayi ake. Winawake anazimitsa chimkuzamawu, ndipo kulira kwawo kunamveka mpanda wonse.

Mu ofesi Anti anakhuthula zikwama mpaka anapeza cha Kachiwala. Anamupopera mankhwala, anadikira, n'kumupoperanso. Kamluzu kaja kanachepa koma sikanathe. Pakhomo panaima bambo ake a Jaji, omwe ankayendetsa takisi, makiyi ali kale m'manja.

"Anti, tiyeni kuchipatala. Galimoto ili panja."

Msewu waukulu unali ukadali wodzaza ndi anthu obwera koonera perete, timbendera tili m'mwamba. Bambo a Jaji analowa m'tinjira ta kuseri kwa misika, akuimba hutala, akukalipira njinga ndi agalu omwe. Anti anakhala kumbuyo, khutu pamsana pa mwana wake, akumvetsera mpweya uliwonse.

Kuchipatala anamuveka Kachiwala kachipangizo kopumira pamphuno ndi pakamwa. Pang'onopang'ono mapewa anasiya kukwera, milomo inabwerera mtundu wake, ndipo anagona tulo. Nesi wa pachipatalapo anamanga chala cha Anti n'kumuuza kuti akanachedwa pang'ono nkhani ikanakhala ina.

Apongozi anafika dzuwa litapendeka, opanda chipewa, suti ili makwinya. Anaima kumiyendo kwa bedi nthawi yaitali. Kenako anagwira kaphazi ka mdzukulu wawo n'kumakasisita ndi chala chachikulu, misozi ikutsika osaipukuta. Anti anali asanawaonepo akulira, ndipo mtima wake unayamba kufewa. Anawasunthira kuti akhale pabenchi.

"Ndinaiwala, amake Kachiwala," anatero. "Mulungu ndi mboni, ndinangoti kanthawi kochepa."

"Ndamva, amayi."

Mwana wina ankalira m'chipinda choyandikana nacho. Apongozi anapukuta m'maso ndi kampango, anakapinda bwinobwino, ndipo poyankhulanso mawu awo anali atabwerera a ku ofesi.

"Bwana sanatsike n'komwe m'galimoto. Makolo akwiya. Akufuna tikumane mawa m'mawa, akuti adziwe anatseka ndani." Anayang'ana pansi. "Tinene kuti ndi a mlonda. Ndi okalamba, amasokoneza zinthu. Ndiwapumitsa mwaulemu, sindiwataya."

"Amayi, a mlonda sanachoke pageti."

"Ndikudziwa zimenezo. Koma tamverani. Likamveka dzina langa, sukulu yatha. Ndani angasiye mwana wake kwa mayi wotsekera ana? Ndipo ikatha, sindigwa ndekha. Inu mukagwira kuti ntchito? Mukakhala kuti? Mankhwala a mwanayu azichokera kuti?" Anamugwira pabondo. "Inu simunaone kanthu, munali mkati. Mungonena zomwezo basi, zinazo ndiyankhula ndine."

Anti anayang'ana dzanja lomwe linali pabondo lakelo, ndi mphete zake. Anayesa kuganiza za khomo lina lililonse mumzindamo lomwe akanagogoda ali ndi mwana wodwala ndi chikwama cha zovala. Sanalipeze. Anaweramitsa mutu, ndipo apongozi anatenga zimenezo ngati kuvomera.

M'mawa mwake tenti inali isanachotsedwe. Makolo anakhala pamipando yomwe ija, koma ulendo uno opanda timbendera. A mlonda anaima chapatali pafupi ndi geti, kapusi ili m'manja, akuipotokola. Zinkaoneka kuti anali atauzidwa kale. Apongozi anayankhula bwino, monga ankachitira nthawi zonse. Anapepesa, anathokoza Mulungu kuti palibe moyo watayika, kenako anati panali kusamvana pakati pa ogwira ntchito, ndipo bambo wachikulireyo anatseka chipinda poganiza kuti mulibe anthu.

Bambo a Jaji anaimirira.

"Pepani mayi. Mwana wanga wandiuza zina, koma za mwana sitingaimire. Anti, inu munali momwemo. Anatseka ndani?"

Maso onse anatembenukira kwa iye. Anti anaimirira. Anaona apongozi akumuyang'ana mwachifatse. Anaona a mlonda, omwe sankayang'ana aliyense.

"Ine ndinali mkati," anatero. "Mpiringidzo uli kunja. Dzanja sindinalione."

Apongozi anatulutsa mpweya n'kuyamba kudzuka kuti atseke msonkhano.

"Koma si a mlonda."

Mawuwo anatuluka aang'ono, moti mayi wina kumbuyo anafunsa kuti wati chiyani. Anti anabwereza, mokweza pang'ono. "Si a mlonda. Asachotsedwe ntchito."

"Nanga ndani?" anafunsa bambo a Jaji.

"Ndanena pomwe ndingathe, bambo."

Palibe anafunsanso. Makolo anayamba kudzuka mmodzimmodzi, ena osatsanzika. A mlonda anavala kapusi yawo n'kuwatsegulira geti.

Sabata yotsatira mipando ingapo m'kalasi inali yopanda eni. Mapasa sanabwerenso, Woyendetsa Ndege chimodzimodzi. Jaji anabwera, chifukwa anauza bambo ake kuti sukulu ina sakapitako ngakhale amunyamule. A mlonda anakhalabe pageti, ndipo m'mawa uliwonse ankamupatsa Anti moni atavula kapusi, zomwe zinkamuchititsa manyazi. Mwamuna wake anaimba, ulendo uno pafoni ya Anti mwini. Za mwana anafunsa mwachidule, nthawi yotsalayo n'kuithera pofunsa chomwe chinamulowa mkazi wake kuti achititse manyazi amayi ake pagulu.

Apongozi sanamuthamangitse. Mphunzitsi wina wogwira ntchito ngati iye akanamupeza kuti? Anangosiya kumuyankhula. Akakumana pakhonde ankayang'ana kumbali ngati akuwerenga zomata pakhoma. Chilichonse chofunika kunena chinkadzera mwa Kachiwala, yemwe ankayenda pakati pa nyumba ziwirizo ndi mauthenga, osadziwa kulemera kwake.

Loweruka lina masana Anti akuchapa kuseri, mwanayo anabwera akutafuna bisiketi yomwe agogo ake anamupatsa.

"Agogo akuti mukamaliza mukakolope makalasi, ndi ofesi yomwe."

"Ukawauze kuti ndamva."

"Akutinso sopo musamathire wambiri."

Anti anafinya malaya omwe anali m'manja mwake, anawayanika, n'kupita kukatunga madzi okolopera.